Mwana wosadya nyama kuno ku Joni: samalani B12 ndi ayironi

Mabanja ena sadya nyama chifukwa cha chipembedzo, ena chifukwa cha thanzi, ena ndi mtengo wake basi. Mwana angathe kukula bwino chonchi. Zomanga thupi sizisowa: nyemba, nandolo, soya, nsinjiro ndi chiponde zimapezeka m'mashopu komanso pamsika wa Yeoville. Zovuta kupeza ndi vitamini B12 ndi ayironi, amene amathandiza thupi kupanga magazi.

B12 mulibe m'masamba, m'nyemba kapena m'zipatso. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, kapena m'mapiritsi. Mwana wa zaka 1 mpaka 3 amafunika mayikulogalamu 0.9 patsiku, wa zaka 4 mpaka 8 amafunika 1.2. Kapu ya mkaka ya 250 ml ili ndi pafupifupi 1, dzira limodzi pafupifupi theka. Choncho dzira ndi kapu ya mkaka kapena amasi, chambiko cha kuno, zikukwanira. Ngati pakhomo simudya mazira ndi mkaka womwe, mwana ayenera kumwa B12 wa ku famase, ndipo mayi woyamwitsa nayenso amwe, chifukwa mkaka wa m'mawere umatenga zimene zili m'thupi la mayi. Kusowa kwa B12 kumabisala miyezi yambiri, kenako khanda limafooka, limachedwa kukhala kapena kukwawa, ndipo mitsempha ikawonongeka nthawi zina siibwereranso.

Ayironi wa m'zomera alipo, koma thupi limatengako pang'ono. Mwana wa zaka 1 mpaka 3 amafunika 7 mg patsiku, wa zaka 4 mpaka 8 amafunika 10 mg, ndipo wosadya nyama amafunika kuposa pamenepa. Apa nkhani ya ufa ndi yaikulu. Kuyambira mu 2003, lamulo la South Africa limakakamiza makampani kuthira ayironi, zinki, vitamini A, folic acid ndi mavitamini B angapo mu ufa wa chimanga ndi wa buledi. Ufa woyera umene achibale amatumiza pa basi kuchokera kumudzi umakoma, palibe wotsutsa, koma chimanga chake chinakonoledwa ndi kuviikidwa, ndipo palibe chothiramo. Akuluakulu dyani nsima yakeyo, koma phala la mwana likhale la ufa wa m'shopu wokhala ndi chizindikiro cha fortified, chosonyeza kuti anathiramo ayironi ndi mavitamini. Muikemo supuni yaikulu ya nsinjiro kapena chiponde, ndipo likhale lolimba losayenderera pa supuni.

Viikani nyemba usiku wonse, tayani madziwo, phikani ndi atsopano. Pa chakudya chomwecho pakhale tomato, lalanje, nachesi, gwafa kapena malambe, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa m'thupi. Tiyi wakuda amachita zosiyana: musampatse mwana pa nthawi ya chakudya. Mkaka nawo ukachuluka umadzaza mimba n'kulepheretsa ayironi, choncho usapitirire 500 ml patsiku, ndipo mwana wosakwana chaka asamwe mkaka wa ng'ombe m'malo mwa bere.

Bonongwe, amene kuno amagulitsidwa pa dzina la morogo, nkhwani ndi chisoso phikani mphindi zochepa, ndi madzi ochepa, popanda soda. Soda amafewetsa ndiwo koma amapha mavitamini. Maungu a butternut, karoti ndi mbatata yofiira m'kati zimapereka vitamini A zikaphikidwa ndi kamafuta kapena nsinjiro. Mtedza wathunthu musampatse mwana wosakwana zaka 5, angatsamwe nawo.

Mchere gulani wa ayodini. Ana a m'maflati a ku Hillbrow atuluke padzuwa tsiku lililonse kuti thupi lipange vitamini D. Ku kiliniki pitani ndi buku la mwana la kusikelo lotchedwa Road to Health: madontho a vitamini A amayamba pa miyezi 6 n'kupitirira mpaka zaka 5. Auzeni anamwino kuti mwana sadya nyama, ndipo mukaona zikhatho kapena m'kati mwa zikope mwayera, kapena mwana akudya dothi, pemphani kuti amuyeze magazi.