Momwe mungalembere mdani wobwerabwera m'sewero la pa TV la ziwanda ndi mizimu

M'masewero a ziwanda, mfiti ndi mizukwa, zilombo zambiri zimaoneka chigawo chimodzi, n'kuphedwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma pamakhala mmodzi wokana kufa. Oonera amamutukwana, komabe akangosowa zigawo zitatu amayamba kufunsana kuti wapita kuti. Ngati mukulemba sewero lotere, mdani ameneyu ndiye chida chanu chachikulu chokulitsira mwininkhani, ndipo akamangobwera kudzaopseza anthu basi ndiye kuti mwamuwononga. Tsatani njira izi.

Choyamba, pezani chimene akufuna

Musayambe ndi mphamvu zake. Kuuluka, kusanduka utsi, kulowa m'thupi la munthu, zonsezo n'zosavuta kupeka. Yambani ndi njala yake. "Akufuna kuwononga dziko" si yankho, chifukwa woonera sangalimve mumtima. Mpatseni chofuna chimene munthu wamba angachizindikire: mpando, ufulu, kubwezera, kapena wokondedwa amene anamwalira. Crowley wa m'sewero la Supernatural, lomwe linayamba mu 2005 n'kutha mu 2020, analowa mu sizoni yachisanu ngati chiwanda chogula miyoyo ya anthu pamphambano. Chimene ankafuna kwenikweni chinali kupulumuka ndi kukwera pampando, ndipo n'chifukwa chake tsiku lina ankathandiza Sam ndi Dean, abale awiri osaka ziwanda omwe ndi eninkhani, tsiku lina n'kuwagulitsa.

Chachiwiri, mumangireni malamulo

Lembani papepala zimene angathe, zimene sangathe, ndi chimene chingamuphe. Muonetse oonera malamulowo msanga, kenako musawaphwanye. Ngati lero mchere ukumutsekera pakhomo, mawa asaudumphe popanda chifukwa chomveka.

Chachitatu, yankhani funso lakuti "bwanji osangomupha?"

Apa m'pamene alembi ambiri amagwera. Mdani akamathawa pawindo chigawo chilichonse, mwininkhani amaoneka wopusa, ndipo oonera amatopa. Pafunika chifukwa cholimba chomusiyira moyo. Mwina ndi yekhayo amene akudziwa kumene kuli chinthu chofunika. Mwina kumupha kungaphenso munthu wosalakwa amene iye wakhala m'thupi lake. Mwinanso kwabwera mdani woopsa kuposa iyeyo.

Alembi a Buffy the Vampire Slayer anachita zanzeru ndi Spike, woyamwa magazi amene anafika mu 1997, mu sizoni yachiwiri. Poyamba sanamukonzere moyo wautali, koma oonera anamukonda. Mu sizoni yachinayi, gulu lachinsinsi la asilikali linamuika kachipangizo m'mutu, kamene kankamupweteka koopsa akafuna kuvulaza munthu. Mtima wake unali woipabe, koma mano anali atathyoka. Buffy, mwininkhani amene ntchito yake inali kupha oyamwa magazi, sakanapha cholengedwa chosatha kudziteteza, choncho Spike anakhala pafupi naye, ndipo nkhani inapeza njira yatsopano.

Chachinayi, kubwera kulikonse kulande kanthu kwa mwininkhani

Pamenepa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pagona kukula konse. Galu wamkota sakandira pachabe: mdani wanu akabwera, abwere ndi cholinga, ndipo pochoka asiye mwininkhani atasintha.

Tiyerekeze kuti mwininkhani wanu ndi mtsikana amene amaona mizimu ya akufa, ndipo chiwanda china chagwira mzimu wa mlongo wake. Ulendo woyamba akumana, mtsikanayo akuthawa, nsapato imodzi n'kutsala pamakwerero. Ulendo wachiwiri walimba mtima, wamenyana nacho, wagonja, ndipo mnzake wavulala chifukwa cha phuma lake. Ulendo wachitatu chiwanda chija chagogoda pakhomo mwaulemu, chakhala pampando, n'kunena modekha kuti, "Ndithandize usiku umodzi wokha, mlongo wako ndikubwezera." Mtsikanayo akuvomera, n'kunamiza anzake onse. Ulendo wachinayi chabweranso ndi pangano lokoma kuposa loyamba lija, koma tsopano mtsikanayo akukana, misozi ili m'maso, akudziwa bwino lomwe kuti mlongo wake sadzamuonanso.

Taonani kuti palibe pamene wina wanena kuti "wakula tsopano". Woonera waona yekha, poyerekeza mtsikana wothawa uja ndi uyu wokana pangano. Kuti musasochere, jambulani mizere itatu papepala. Pa kubwera kulikonse lembani chimene mdani akufuna, chimene mwininkhani wataya, ndi chimene wachita lero chomwe sakanachita kale. Mzere wachitatu ukakhala wopanda kanthu, chigawo chimenecho chilembeninso.

Chinanso, mdani wabwino amanena zoona zimene abwenzi amaopa kunena. Iye alibe chifukwa chosungira mwininkhani ulemu. Muloleni amuuze kuti amakonda kumenya nkhondo kuposa mmene amavomerera, kapena kuti akugwiritsa ntchito anzake ngati chishango. Mawu otere amapweteka kuposa chibakera, ndipo amamutsatira mwininkhani zigawo zambiri.

Chachisanu, nayenso asinthe, koma pang'onopang'ono

Munthu amene wapha anthu mazanamazana asasanduke woyera mtima chifukwa cha chigawo chimodzi chomvetsa chisoni. Spike anapita kukafuna mzimu wake wa umunthu kumapeto kwa sizoni yachisanu ndi chimodzi, patapita zaka zoposa zinayi chifikireni, ndipo ngakhale pamenepo anthu ena sankamukhulupirira. Crowley anayamba kumva chisoni ngati munthu mu sizoni yachisanu ndi chitatu, Sam atamubaya jakisoni wa magazi a Sam yemweyo, koma sanasiye chinyengo tsiku lomwelo.

Ine chimene chimandiwawa ndi sewero loiwala anthu amene mdaniyo anawapha, chabe chifukwa wosewerayo ndi wooneka bwino ndipo amaseketsa. Sungani mpangankhani mmodzi amene sadzamukhululukira. Akhale mayi amene anataya mwana, kapena mnzake wa mwininkhani amene ali ndi chipsera pakhosi. Mdani akalowa m'chipinda, ameneyo azidzuka n'kutuluka.

Chachisanu ndi chimodzi, muzimubisa

Akamaoneka chigawo chilichonse, mantha amatha. Msiyeni asowe, dzina lake lokha lizimveka, kapena anthu azipeza zizindikiro zoti anadutsa pamalopo.

Pomaliza, dziwani mathero ake musanafikeko

Njira zilipo zingapo. Akhoza kuphedwa ndi mwininkhani amene tsopano wamuposa. Akhoza kudzipereka yekha, monga anachitira Spike m'chigawo chomaliza cha Buffy mu 2003, ndi Crowley mu 2017 pamene anadzibaya pofuna kutsekera Lucifer, yemwe ndi Satana, kudziko lina. Akhozanso kutenga sewero lakelake, monga Klaus wa mu The Vampire Diaries, amene anapitiriza mu The Originals kuyambira 2013. Imene mungasankhe, bwererani ku chofuna chija munalemba poyamba, ndipo pampondachimera mumuike pamalo poti asankhe pakati pa chofunacho ndi mwininkhani. Mukadziwa chimene adzasankhe, bwererani m'mbuyo mudzale timbewu take m'zigawo zoyambirira, kuti tsikulo likadzafika oonera adzadabwe koma asadzanene kuti mwawanamiza.