Momwe mungawetere nyerere zofiira zambola osazilola kuthawa

Nyerere zofiira zambola zimakoma kuzionera: zimasaka mwaukali, zimasamala ana awo usana ndi usiku, ndipo sizibisala ngati mitundu ina yamantha. Koma kuziweta kumayamba ndi mpanda. Musanagwire nyerere ngakhale imodzi, konzani kaye malo oti sizingatulukemo, chifukwa zikathawa zimavutitsa anthu, ziweto ndi tizilombo tina tapamalopo.

Poyamba dziwani mtundu umene muli nawo. Awiri odziwika kwambiri ndi Myrmica rubra ndi Solenopsis invicta. Myrmica rubra kwawo ndi ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, antchito ake ndi aatali mamilimita 4 mpaka 6, ndipo gulu lake limakula pang'onopang'ono. Solenopsis invicta ndi nkhani ina. Inachokera ku South America, inalowa ku United States kudzera padoko la Mobile ku Alabama cha m'ma 1930, ndipo mu 2001 inapezeka ku Brisbane, Australia, komwe boma likulimbana nayobe. Gulu lake limatha kupitirira nyerere 100,000. Ine sindingalimbikitse woyamba kumene kuti aiwete, ndipo m'madera ambiri lamulo limaletsa kuisunga kapena kuisamutsa. Funsani za malamulo akwanu, ndipo wetani mtundu wopezeka kale komwe mukukhala. Linthumbu lisiyeni, ndi losamukasamuka ndipo silikhazikika m'bokosi.

Kenako pezani mfumukazi. Pa nyengo yake, zazikazi ndi zazimuna zamapiko zimauluka n'kukwerana. Yaikazi ikatera imathothola mapiko ake n'kuyamba kufuna pobisala. Imeneyo ndiyo mukufuna: yayikulu kuposa zinzake, ya chifuwa chotukuka, yopanda mapiko. Musakumbe funkha pofuna mfumukazi, mungoononga gulu lonse pachabe.

Nyumba yake yoyamba ndi chubu chagalasi. Thiranimo madzi oyera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, kankhiranimo thonje mpaka likhudze madziwo ndipo likhale lothina kuti asadonthe. Lowetsani mfumukazi, tsekani kukamwa ndi thonje louma, kulungani chubucho ndi pepala lakuda, n'kuchigoneka pamalo opanda dzuwa komanso osagwedezeka. Apa ndi pamene ambiri amalephera. Mtima umafuna kusuzumira tsiku lililonse, koma mfumukazi ikamasokonezedwa imatha kudya mazira ake. Kuyang'ana kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Mitundu iwiriyi imasiyana pa nthawi imeneyi. Mfumukazi ya Solenopsis siidya kanthu mpaka antchito oyamba atabadwa, imadalira mafuta ndi minofu ya mapiko ya m'thupi mwake. Ya Myrmica imafuna chakudya: kadontho ka madzi a shuga ndi kachidutswa ka kachilombo kakufa. Pakapita nthawi, malinga ndi mtundu wake ndi kutentha, mudzaona antchito oyamba, ang'onoang'ono kwambiri.

Tsopano mpanda uja. Tengani bokosi lapulasitiki losalala, lokhala ndi chivundikiro chothina chomwe mwaboola n'kumatapo sefa yachitsulo yamabowo aang'ono zedi. M'mphepete mwa m'kati, chakumtunda, pakani mzere wa Fluon (mankhwala amadzimadzi omwe akauma amaterera), kapena paudala wa talc wosakaniza ndi sipiriti, muusiye uume bwino. Nyerere zikafika pamzerewo zimaterereka n'kugwa. Mzerewu umatha mphamvu ndi fumbi ndi chinyezi, choncho muziuyendera sabata iliyonse. Ngati mwalumikiza paipi ku bokosilo, onaninso polumikizirapo, chifukwa kampata kamene inu simukukaona, izo zikapeza. Chubu chija chiikeni m'bokosimo n'kuchotsa thonje lakukamwa.

Musafulumire kuzisamutsira m'chisa chachikulu. Dikirani mpaka chubu chitadzaza. Gulu laling'ono m'chisa chachikulu limasandutsa zipinda zotsala kukhala dzala, ndiye chuku chimamera. Chisa cha pulasitala kapena cha konkire wopepuka wa Ytong chimasunga chinyezi bwino, zomwe Myrmica imafuna kwambiri. Nyowetsani mbali imodzi yokha kuti zisankhe zokha poika mazira ndi mphutsi. Posamutsa, lumikizani chisa chatsopano chili mumdima, chakalecho muchisiye poyera, zidzanyamula ana zokha.

Chakudya ndi chamitundu iwiri. Antchito amafuna zotsekemera, monga uchi wosungunula ndi madzi, woperekedwa pa thonje kuti zisamire. Mphutsi ndi mfumukazi zimafuna nyama: ntchentche, nkhululu kapena mphemvu. Tizilomboti muyambe mwatiumitsa mufiriji kuti nthata zife, ndipo musatole pamene papoperedwa mankhwala. Zotsala zichotseni mawa lake ndi kopanira kakatali. Myrmica rubra imafunanso kupuma m'nyengo yozizira, miyezi itatu kapena inayi pa madigiri 5 mpaka 10 Celsius.

Za mbola musazipeputse. Ya Myrmica imawotcha kwa kanthawi, ya Solenopsis imasiya timatuza toyera tamafinya, tomwe simuyenera kutiphulitsa. Valani magolovesi, ndipo bokosi likhale patali ndi ana. Wolumidwa akayamba kubanika, kutupa nkhope kapena kuchita chizungulire, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Gulu likakukulirani, musakalitaye kutchire. Lipatseni woweta mnzanu wodziwa kumene lamulo likulola, apo ayi ikani chisa chonse mufiriji yozizira kwambiri kwa masiku angapo mpaka zonse zitafa.