Mwangoyamba kuphunzira kujambula mapulani a nyumba? Yambani ndi chipinda chomwe mumagonacho

Anthu ambiri akangolowa kalasi ya architecture maso amakhala pa laputopu ndi AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta, pomwe dzanja silinakokepo olo mzere umodzi wowongoka. Ine ndimati dekhani kaye. Ntchito yomwe ingakutsegulireni mutu mwachangu ndi kuyeza chipinda chanu chomwecho nkuchijambula ndi pensulo, chifukwa mukalakwitsa mungodzuka nkukayang'ana khoma lenileni.

Choyamba sonkhanitsani zida, sizambiri ayi. Bolodi kapena tebulo losalala la m'mbali mowongoka, T-square (rula yaitali yooneka ngati chilembo T), ma set square (marula a makona atatu) awiri, ya madigiri 45 ndi ya 30/60, rula ya sikelo ya nsonga zitatu ija, tepi yomatira pepala, tepi yoyezera ya mamita 5 ndi chofufutira. Mapensulo atatu akwanira: 2H yolimba yoyambira, HB, ndi 2B yakuda. Pepala tengani la A3, lomwe ndi 420 mm ndi 297 mm.

Kenako yezani. Musanagwire T-square, jambulani chipindacho mwachisawawa pa kapepala kena, chikhote chikhote palibe vuto, apa ndi pongolembapo manambala. Yezani mu mamilimita, 3600 osati 3.6, ndi chizolowezi chabwino kuyambira tsiku loyamba. Mulitali, mulifupi, kukula kwa chitseko, zenera layambira pati kuchokera pakona, lakwera bwanji kuchokera pansi, siling'i ili patali bwanji. Yezaninso mopingasa, kona iyi kukafika kona ya uko, mbali zonse ziwiri, manambala akasiyana ndiye kuti chipinda chanu sichili sikweya ngati mmene maso amakunamizirani. Ndipo chonde musaiwale kunenepa kwa khoma, yezerani pakhomo pomwe limaonekera bwino. Ine ntchito yanga yoyamba ndinajambula makoma ndi mzere umodzi umodzi, aphunzitsi anangoyang'ana nkundifunsa ngati kwathu timagona m'nyumba ya mapepala. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, koma sindinaiwalenso.

Tsopano sikelo, pomwe ambiri amasokonezeka koma nkhani yake ndi yophweka. 1:100 ndiye kuti mita imodzi ya nyumba ndi 10 mm papepala. Pa 1:50 mita ndi 20 mm, pa 1:20 mita ndi 50 mm. Chipinda cha 3600 ndi 3000 pa 1:50 chituluka 72 mm ndi 60 mm, kakang'ono kwambiri pa A3, ndiye sankhani 1:20 kuti chituluke 180 ndi 150, muone bwino zomwe mukuchita. Osamawerengetsa pa foni mzere uliwonse, rula ya sikelo ija ntchito yake ndi yomweyo, pezani mbali yolembedwa 1:20 muziwerenga manambala enieni pomwepo.

Apa ndiye pa mtima pa nkhani. Pulani si chithunzi cha nyumba mukuyang'ana kuchokera mu ndege. Ganizani kuti mwadula nyumba mopingasa ndi chimpeni chachikulu, pafupifupi mita imodzi ndi pang'ono kuchokera pansi, mwachotsa gawo lakumwamba nkusuzumira. Ndi chifukwa chake mazenera amaoneka pa pulani koma denga ayi. Mukamvetsa zimenezi mizere imadzisankha yokha. Chomwe mpeni wadula, monga khoma, mzere wake ukhale wonenepa wakuda, 2B. Chomwe mukungochiona m'munsi, bedi, tebulo, matailosi, mzere wopyapyala. Chomwe chili pamwamba pa pomwe mwadulapo, kaya shelefu yam'mwamba kaya mtanda wa siling'i, mzere wodukaduka. Pulani ya mizere yofanana yonse imakhala ngati munthu woyankhula osakweza kapena kutsitsa mawu, womanga amayiyang'ana osadziwa kuti khoma ndi liti, kabati ndi iti.

Matani pepala m'makona onse anayi mutaliwongola ndi T-square. Mutu wa T-square uzitsamira mbali imodzi yokha ya bolodi, kumanzere ngati mumalemba ndi dzanja lamanja, mizere yogona muzikoka nayo, yoimirira muzikoka ndi set square itakhala pamwamba pake. Yambani ndi 2H mopepuka kwambiri moti munthu ali chapatali asaone, chipinda chonse chithe kaye, kenako ndiye mudetse. Pokoka mzere muzipotoza pensulo pang'onopang'ono m'zala kuti nsonga isaphwatalale mbali imodzi, ndipo m'makona mizere izikumanadi, osasiya kampata. Podetsa yambirani kumtunda kutsika, apo ayi mkono wanu upukuta zonse pepala lisanduke lotuwa. Chitseko chijambuleni chili chotsegula, ndi kamzere kokhota kosonyeza komwe chimalowera. Kamzere kameneka ndi komwe kamaulula ngati chitseko chizimenya bedi.

Pulani ikatha, tulutsani elevation ndi section kuchokera pomwepo, osayezanso mwatsopano. Kokerani mizere yopepuka kuchokera m'makona a pulani ndi m'mphepete mwa zenera, mungowonjezera kutalika. Elevation ndi nkhope ya khoma mutaliyang'ana maso ndi maso. Section ndi mpeni uja tsopano ukudula choimirira, kuchokera kudenga mpaka pansi, ndipo lamulo la mizere ndi lomwelija. Ikanimo kamunthu kotalika mwina 1700 mm, pompo mudziwa ngati zenera lakwera mopitirira.

Zikatero lembani miyeso kunja kwa chojambulacho, manambala enieni a chipinda osati a papepala. Zilembo zikhale zikuluzikulu, pakati pa timizere tiwiri totalikirana 3 mm, zimatopetsa koma zilembo zokhotakhota zimaipitsa ntchito yabwinobwino. Pakona ya kumanja m'munsi ikani dzina la ntchito, sikelo, tsiku ndi dzina lanu, ndi kamuvi kolozera kumpoto.

Za 3D, zojambula zoonetsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu nthawi imodzi, musathamangire. Yambani ndi isometric, mizere yogona imapendekeka madigiri 30, set square ija ilipo kale, ndipo miyeso mumayeza ngati kale. Perspective, kujambula zinthu mmene diso limazionera, zakutali zikuchepa, njira yomwe katswiri wa zomangamanga Brunelleschi anaionetsa ku Florence kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, imafuna diso lizolowere, ndiye muziyenda ndi kabuku mujambule makonde ndi masitepe mukakhala pa mzere kudikira kanthu, mphindi khumi patsiku basi.

Mukamaliza perekani pepalalo kwa munthu yemwe sanalowepo m'chipindamo, inu khalani chete, akuuzeni yekha kuti khomo lili pati, zenera lili mbali iti, bedi angaike pati. Pomwe wakakamira ikanipo kachizindikiro, mujambulenso pepala latsopano, kachiwiri kamatenga nthawi yochepa.

Ndiyeno tsegulani kompyuta ija, kaya AutoCAD, yomwe yakhalapo kuyambira 1982, kaya SketchUp kaya FreeCAD yaulere. Jambulani chipinda chomwechi ndi manambala omwewa. Kusiyana kwake nkwakuti mmenemo mumajambula pa kukula kwenikweni, khoma la 3600 mumalemba 3600, sikelo mumasankha pokapulinta. Mukapulinta onetsetsani kuti makina sanachepetse pepala kuti likwane, ikani rula ya sikelo pa khoma lija muone ngati ikuwerengabe 3600.