Kukonzekera mpikisano wa piyano wa Chopin ku Warsaw

Mpikisano wa Chopin unayamba mu 1927 ndipo umachitika ku Warsaw, m'dziko la Poland, kawirikawiri kamodzi pa zaka 5 zilizonse. Olowa amakhala a zaka 16 mpaka 30, ndipo amaimba nyimbo zokhazokha za Fryderyk Chopin, wopeka nyimbo wa ku Poland. Maurizio Pollini anapambana mu 1960, Martha Argerich mu 1965, Krystian Zimerman mu 1975. Aliyense wofika kumeneko zala zake n'zothamanga kale. Zimene zimagwetsa anthu ndi kuiwala nyimbo pakati, manja opweteka, ndi piyano yachilendo.

Werengerani masiku chobwerera m'mbuyo. Mpikisano weniweni umakhala mu Okutobala, chipulula chimakhala mu Epulo, ndipo chisanafike mumatumiza vidiyo ku Fryderyk Chopin Institute. Ijambulidwe ndi kamera imodzi, manja akuoneka, osadula pakati pa nyimbo. Anthu pafupifupi 160 amaitanidwa kuchipulula, pafupifupi 80 amalowa ndime yoyamba, kenaka 40, kenaka 20, ndipo ofika ndime yomaliza amakhala 10 kapena kuposerapo pang'ono. Nyimbo za ndime zonse zimakwana pafupifupi maola 3, zonse zapamtima. Zilowezeni zonse chaka cha mpikisano chisanafike, chifukwa pakati pa ndime pamakhala masiku ochepa. Malamulo amasinthanso: mu 2025 anawonjezera nyimbo ya Polonaise-Fantaisie pa ndime yomaliza, choncho werengani a chaka chanucho.

Poyeserera, maola 4 kapena 5 patsiku ndi okwanira, ogawidwa mphindi 45, kupuma mphindi 10. Mwachitsanzo, tengani nyimbo ya Étude Op. 10 No. 1, imene Chopin analemba kuti iyende pa liwiro la kugunda 176 pa mphindi imodzi. Ikani metronome, kachipangizo kogunda liwiro la nyimbo, pa 80, muzikweza ndi 4 pokhapokha mwaimba katatu osaphonya. Ambiri amatambasula zala za kudzanja lamanja kuti afikire manotsi otalikirana, ndipo pofika tsamba lachiwiri mkono wauma. Lolani mkono wonse uziyenda n'kunyamula dzanja, zala zizingotera. Mukamva kupweteka kapena dzanzi, imani tsiku lomwelo, ndipo zikapitirira onanani ndi dokotala. Leon Fleisher, katswiri wa ku America, zala ziwiri za kudzanja lamanja zinayamba kupindika zokha mu 1964, ndipo anatha zaka pafupifupi 30 akuimba nyimbo za dzanja lamanzere lokha.

Kuloweza ndiye kumene kumafuna nthawi yambiri. Zala zimaloweza zokha munthu akabwereza nyimbo kambirimbiri, koma kuloweza kotereku kumathawa mantha akabwera. Dzanja lamanzere ndilo limasochera kawirikawiri chifukwa khutu limatsatira lamanja, ndiye lilowezeni palokha mpaka muzitha kuliimba lokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Lembani papepala la manotsi malo oyambira pa mabala (timagawo ta nyimbo) 8 kapena 16 alionse, mnzanu azitchula nambala, inu n'kuyambira pomwepo osaganiza. Mukasochera pabwalo, lumphirani malo a kutsogolo. Mukabwerera m'mbuyo mudzagwanso pamalo omwewo. Khalaninso pampando kutali ndi piyano n'kuimba nyimbo yonse m'mutu. Pamene simukuona kiyi yotsatira, pamenepo ndi pamene padzakuchititseni manyazi. Ndime iliyonse iimbeni pamaso pa anthu kasanu musanapite, mutavala zovala ndi nsapato zomwe mudzavale, poti chidendene cha nsapato chimasintha kapondedwe ka pedulo, chopondera cha pansi pa piyano.

Ma mazurka musawapeputse poona kuti ndi aafupi. Ndi gule wa ku Poland woyenda patatu, ndipo mphamvu imagwera pa kugunda kwachiwiri kapena kwachitatu. Wowaimba ngati waltz, gule wina amene mphamvu yake imagwera pa kugunda koyamba, oweruza amamuzindikira msanga. Wayilesi ya boma ya ku Poland imapereka mphoto yapadera pa nyimbo zimenezi.

Ku Warsaw mumapatsidwa mphindi pafupifupi 15 zosankhira piyano pakati pa Steinway, Yamaha, Kawai, Fazioli ndi ina imene ilipo chakacho. Bruce Liu anapambana mu 2021 pa Fazioli. Musataye mphindizo poonetsa luso. Pa piyano iliyonse yesani malo ofewa kwambiri, notsi imodzi yobwerezabwereza mwachangu, ndi pamene pedulo imayambira kugwira. Wina akhale kumbuyo kwa holo, chifukwa zimene mumamva pampando si zimene zimafika kwa oweruza.

Pa ndime yomaliza mumasankha concerto (nyimbo yaitali ya piyano pamodzi ndi gulu la zida) ya E minor kapena ya F minor, ndipo mumaimba ndi gulu la Warsaw Philharmonic. Nthawi yoyeserera nalo ndi yochepa, ndiye zolowerani ndi mnzanu woimba mbali ya gululo pa piyano yachiwiri. Mu E minor gulu limaimba lokha mphindi pafupifupi 4 inu musanalowe. Yesererani kukhala chete choncho, manja akuzizira.

Za oweruza mulibe nazo mphamvu. Mu 1980 anagwetsa Ivo Pogorelich, Argerich n'kuchoka pampando wa oweruza pokwiya, ndipo Pogorelich anatchuka chifukwa cha mkanganowo. Lero ndime zonse zimaonetsedwa pa YouTube, choncho okonza makonsati angakuitaneni ngakhale musanafike komaliza. Pitani muli ndi mapulogalamu awiri athunthu ndi concerto imodzi kapena ziwiri za olemba ena, monga Mozart kapena Beethoven, chifukwa makonsati a opambana amayamba sabata yomweyo.