Dipstick ikamakusokonezani: momwe mungayezere oyilo wa injini ndi kupeza vuto

Kanyali kofiira ka oyilo kakamayaka pa dashibodi, zinthu zimakhala zitavuta kale. Pa galimoto zambiri kanyaliko kamaona mphamvu imene oyilo akuyendera, osati kuchuluka kwake mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini momwe oyilo amakhala. Chimene chimakuchenjezani msanga ndi dipstick, kandodo koyezera oyilo wa mu injini. Koma nayonso imanamiza mukaiwerenga molakwika, kapena ikakhala kuti si ya injini yanu. Musanathire oyilo wina, kapena kulola makaniko kumasula injini, yambani mwatsimikiza kuti muyezo mwauonawo ndi woona.

Kayezedwe koyenera

1. Imikani galimoto pamalo afulati. Ikapendekeka, oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu ndipo muyezo umasokonekera.
2. Zimitsani injini, mudikire mphindi 5 mpaka 10 kuti oyilo atsike yense. Nthawi yabwino koposa ndi m'mawa musanalize.
3. Pezani chogwirira chachikasu kapena cha olenji. Galimoto zina za otomatiki zimakhala ndi dipstick yachiwiri, ya giyabokosi, ndiye musaziphatikize.
4. Zulani, pukutani ndi kansalu kosathothoka ulusi, bwezerani mpaka italowa yonse, muzulenso nsonga italoza pansi.
5. Yang'anani mbali zonse ziwiri. Zikasiyana, khulupirirani yotsikayo. Inayo yangokhudza oyilo wotsalira m'paipi.

Oyilo ayenera kulekezera pakati pa zizindikiro ziwiri: L ndi F, MIN ndi MAX, kapena timabowo tiwiri. Kuchoka pa chapansi kufika pa chapamwamba, galimoto zing'onozing'ono zambiri zimadya lita imodzi mpaka lita imodzi ndi theka. N'chifukwa chake simukhuthuliramo botolo lonse nthawi imodzi. Thirani theka la lita, dikirani pang'ono, yezaninso. Oyilo watsopano amavuta kuona chifukwa amakhala woyera. Gonekani nsonga ya dipstick pa tishu, banga lake likuonetsani pamene walekezera.

Oyilo akukwera yekha

Oyilo sabereka. Muyezo ukamakwera inu musanathire kanthu, ndiye kuti chinthu china chikulowa mu sampu. Nunkhizani dipstick, kenako tikitani dontho pakati pa zala. Fungo la petulo kapena dizilo, komanso oyilo wopyapyala ngati madzi, zikusonyeza kuti mafuta akudutsa m'mbali mwa mapistoni. Kawirikawiri ndi injekita yodontha, pulagi yosapsa bwino, kapena kabuleta yosefukira pa galimoto zakale. Pa galimoto za dizilo zokhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi, kuyenda timaulendo tifupitifupi ta m'tauni mokhamokha kumabweretsanso vutoli. Konzani chimene chikudonthacho, kenako musinthe oyilo ndi fyuluta.

Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Apa musathamangire kunena kuti gasiketi ya hedi, yomata pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, yapsa. Ngati zoyerazo zili kunsi kwa chivindikiro chothirira oyilo pokha, pa dipstick palibe, ingakhale nthunzi chabe ya injini imene siyenda mtunda wokwanira kuti itenthe. Koma zikakhala pa dipstick, madzi a mu ladiyeta akuchepa, utsi woyera ukutuluka kumbuyo ngakhale injini itatentha, kapena thovu likubwebweta pakamwa pa ladiyeta, ganizirani za gasiketi ya hedi, hedi yong'aluka kapena oil cooler (chiziziritsira oyilo) yobooka. Chivindikiro cha ladiyeta tsegulani injini itazizira. M'dzinja kumbukiraninso ngati munawoloka madzi akuya. Mulimonsemo, galimoto yotere ikokedwe, isayende yokha, chifukwa madzi amadya mabering'i mwachangu.

Mukapeza kuti munangothira wambiri, mupunguleni. Oyilo wopyola pa F amamenyedwa ndi crankshaft (chitsulo chimene mapistoni amazungulitsa) n'kuchita thovu, ndipo amakankha masilo (timphira totchinga oyilo) mpaka adonthe. Lowetsani kapaipi kopyapyala m'njira ya dipstick n'kukoka ndi sirinji yaikulu.

Dipstick ikutumphuka, oyilo akulavulidwa

Yambirani pa chotchipa. Pansi pa chogwirira pali kamphira kozungulira, O-ring, kamene kamauma ndi kutentha. Kakang'aluka, dipstick sikhazikika ndipo fumbi limalowa. Kamphirako kakakhala kabwino, onani valavu ya PCV, yotulutsa mpweya wa mu injini, ndi mapaipi ake opumira. Ichotseni muigwedeze. Pa injini zambiri yabwino imalira kuti khetekhete, pamene yotsekeka ndi utsi wa oyilo imangoti zii. Ikatsekeka, mpweya wa mu injini umasowa potulukira, ndiye umakankha dipstick.

Zonsezi zikakhala bwino koma utsi ukufukabe pa paipi ya dipstick injini ikulira, maring'i a mapistoni atha. Uzani makaniko ayeze compression, mphamvu imene mapistoni akupanikizira mpweya, musanagule chilichonse. Kumanga dipstick ndi waya, monga timaonera pa maminibasi ena, n'kungosamutsa vuto: mpweyawo ukaphulitsa silo ya crankshaft.

Yathyokera m'kati

Pulasitiki ya chogwirira imauma ikakalamba. Ikathyoka, musalize injini kaye. Chidutswa chikamaoneka pakamwa pa paipi, chikokeni ndi pulayala yosongoka, kapena kulungiranimo sikuluwu yaing'ono mukokere pamenepo. Osachikankha. Chikakhala pakati, masulani paipi yonseyo. Nthawi zambiri imagwidwa ndi bawuti imodzi, ndipo kumunsi imangolowa ndi O-ring. Mukaizula, tulutsani chidutswacho pochikankha kuchokera kumunsi, ndipo pobwezera ikani O-ring yatsopano. Chikagwera mu sampu, palibe chidule, sampu imasulidwe. Maginito angakoke chachitsulo chokha, pulasitiki sangaigwire.

Dipstick yomwe si ya injini yanu

Ili ndi vuto limene ambiri saliganizira, chonsecho kuno timadalira kwambiri ma injini ndi zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito. Dipstick ziwiri zingafanane chogwirira koma n'kusiyana kutalika. Yaifupi imanena kuti oyilo wachepa, inu n'kuthira wopyola. Yaitali ndiye yoopsa, imaonetsa F pamene sampu ili pafupi kuuma. Sampu yophwanyika ndi mwala kapena paipi yosafika pansi nazonso zimasokoneza muyezo chimodzimodzi.

Kuiyesa n'kosavuta, bola muchite tsiku losintha oyilo. Khuthulani wakale yense injini ili yofunda, ikani fyuluta yatsopano, ndipo thirani muyezo weniweni umene buku la galimoto likunena. Mwachitsanzo, injini ya Toyota ya 1NZ-FE, yomwe ili mu Probox ndi Sienta zambiri, imadya malita 3.7 mukasinthira limodzi ndi fyuluta. Lizani injini mphindi ziwiri, zimitsani, dikirani mphindi 10, yezani. Oyilo afike pa F kapena pafupi napo. Akasiyana kwambiri, dipstick imeneyo si yake. Pokagula ina, nenani nambala ya injini, osati dzina la galimoto lokha, ndipo mukafika nayo kunyumba iyeseni nthawi yomweyo oyilo mwamuyezayo akadali momwemo.