Zoyenera kuchita chipatala chikakuvulazani ku Johannesburg

Opaleshoni ikalakwika kapena mwana akavulala pobadwa, Amalawi ambiri kuno amangoti zachitika basi, n'kubwerera kunyumba. Ena amaopa kuti akadandaula afunsidwa mapepala. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa lamulo la National Health Act la 2003 likuti munthu aliyense angathe kudandaula za mmene chipatala chamuthandizira, ndipo dandaulolo liyenera kufufuzidwa.

Yambani ndi kulemba zinthu zisanaiwalike: tsiku, wodi, mankhwala, mayina a madokotala ndi anamwino, ndi zomwe anakuuzani. Khadi lakuchipatala lisungeni bwino. Kenako pemphani kope la fayilo ya wodwalayo, ndipo akamazengereza lembani pempho pansi pa PAIA, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata zotere.

Dandaulo lipite kaye kwa oyang'anira chipatalacho, lolembedwa, ndipo mutenge nambala yake. Pa zipatala zaboma ayenera kukudziwitsani kuti alilandira m'masiku 5 antchito, ndi kuyankha m'masiku 25 antchito. Akakuitanani kumsonkhano, pitani ndi munthu womva bwino Chingerezi, ndipo musasayine pepala lomwe simunalimvetse.

Yankho likapanda kukukhutiritsani, kapena likapanda kubwera, pitani kwa Health Ombud, ofesi yofufuza madandaulo okhudza zipatala. Ofesi imeneyi ndi yomwe inafufuza nkhani ya Life Esidimeni, pomwe odwala matenda a maganizo 144 anamwalira muno mu Gauteng. Dokotala mumusumire ku HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala, namwino ku SANC, bungwe loyang'anira anamwino. Mabungwe awiriwa amalanga wolakwa, koma chipukutamisozi sapereka.

Ngati mukufuna chipukutamisozi, apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa nthawi ndi yochepa. Chipatala chikakhala chaboma, kalata yodziwitsa kuti mudzasuma iyenera kuperekedwa ku dipatimenti ya zaumoyo ya Gauteng pasanathe miyezi 6 chichitikire vutolo, ndipo kawirikawiri mlanduwo umatha mphamvu pakadutsa zaka 3. Musadikire kuti kafukufuku wachipatala athe kaye. Onanani ndi loya msanga. Ngati mwagwirizana kuti adzalipidwa mukapambana, lamulo silimulola kutenga kupitirira 25 peresenti ya ndalamazo.

Pakagwa maliro, ndikudziwa kuti achibale kumudzi amaimba foni usana ndi usiku kuti thupi linyamuke. Komabe munthu akamwalira pa opaleshoni kapena chifukwa cha opaleshoniyo, lamulo limati imfayo iyenera kufufuzidwa, ndipo thupi lipimidwe. Afotokozereni amalume ndi ena onse kuti adekhe mpaka kupimako kuchitike, chifukwa thupi likaikidwa m'manda ku Mangochi kapena ku Mzimba, umboniwo kuupezanso n'kovuta kwambiri.