Mmene mungayezetsere ndi kupatula wodwala chimfine pa nthawi ya mliri

Munthu akayamba kutentha thupi, kukhosomola, kuphwanya m'thupi ndi kumva mutu, ambirife timafulumira kunena kuti ndi malungo. Pa nthawi ya mliri wofala kudzera m'mpweya, monga Covid-19 imene inapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, kungoganizira kotereku n'koopsa, chifukwa zizindikiro za malungo ndi za chimfine cha mliri zimafanana kwambiri, ndipo munthu mmodzi akhoza kudwala matenda onse awiri nthawi imodzi.

Choyamba ndi kumupatula wodwalayo tsiku lomwelo, musanadikire zotsatira za kuchipatala. Kenako imbani foni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena ku Chipatala cha pa Foni pa 54747, kuti akuuzeni kokayezetsa. Popita kumeneko wodwala avale chotchinga pakamwa ndi mphuno, apewe minibasi yodzaza ngati n'kotheka, ndipo akafika anene msanga zizindikiro zake kuti asakhale pa benchi limodzi ndi amayi oyembekezera.

Pemphani kuti amuyeze zonse ziwiri, magazi a pachala ofufuzira malungo ndi mamina a m'mphuno ofufuzira kachirombo. Kuyeza kwachangu kumatulutsa zotsatira pa mphindi 15 mpaka 30, koma kumatha kuphonya kachirombo, makamaka matenda akangoyamba kumene. Choncho akakuuzani kuti palibe chimene chapezeka pomwe wodwala akukhosomolabe, musamubwezere pagulu. Ayezedwenso pakatha masiku awiri, kapena ayezedwe ndi njira ya ku labotale yotchedwa PCR, imene imachedwa koma ndi yodalirika.

Povuta ndi pakhomo. Malangizo ambiri amalembedwa ngati banja lililonse lili ndi chipinda chapadera, pomwe ku Ndirande kapena ku Mtandire anthu asanu ndi mmodzi amatha kugona m'nyumba ya zipinda ziwiri. Zikatero, wodwala agone pafupi ndi windo lotsegula, ena atalikire ndi mita imodzi kapena kuposerapo, ndipo masana akhale panja pamthunzi, pomwe mphepo ikuwomba. Akhale ndi mbale, kapu ndi thaulo lakelake, ndipo asasambe m'manja m'beseni limodzi ndi anzake pa nthawi ya nsima. Womusamalira akhale mmodzi yekha, amene si wokalamba, si woyembekezera, ndipo alibe matenda a shuga kapena othamanga magazi. Achibale ndi a kumpingo obwera kudzazonda alonjereni patali, muwafotokozere mwaulemu. Ena adzakhumudwa ndithu, koma angathe kusiya phala lawo pakhonde.

Musaiwale kuti wopatulidwa amafunika kudya. M'mwezi wa Meyi 2020 anthu mazana angapo obwerera kuchokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium, pomwe anawasunga podikira zotsatira, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. N'chimodzimodzinso bambo wodalira ganyu: sangakhale m'nyumba masiku khumi ngati abale sanakonzeretu ufa ndi ndiwo.

Pa Covid-19 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linkalangiza kuti wodwala apatulidwe masiku 10 kuchokera pomwe zizindikiro zinayamba, kuwonjezapo masiku atatu opanda zizindikiro, ndipo amene anakhala naye pafupi adzipatule masiku 14. Mliri wina ukhoza kukhala ndi masiku akeake, motero tsatani zimene Unduna wa Zaumoyo walengeza.

Mupatseni madzi ambiri ndi panado, koma ana musawapatse asipirini, ndipo musataye ndalama pa mankhwala opha mabakiteriya monga amoxicillin popanda uphungu wa dokotala, popeza sapha kachirombo ka chimfine. Wodwala akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kusokonezeka maganizo kapena kulephera kumwa, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ukhale usiku.